Mwana Wabwera Kunyumba Atachitidwa Opaleshoni ya Mtima: Mafunso Anu

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa makolo amene ana awo anabadwa ndi vuto la mtima ndipo achitidwa kale opaleshoni. Vutoli si lachilendo, chifukwa pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse amabadwa nalo. Akuyankha ndi madokotala ndi anamwino a ana. Manambala amene tapereka ndi odziwika pa chisamaliro cha ana otere, koma ngati dokotala amene amaudziwa mtima wa mwana wanu wakupatsani ena, tsatirani akewo.

Mwana wanga wa miyezi 5 anamutseka bowo la pakati pa zipinda za m'munsi za mtima masiku 10 apitawo. Chilonda chili pakati pa chifuwa. Ndikuopa ngakhale kumunyamula, ndipo chitulukireni m'chipatala sindinamusambitse bwinobwino. Nditani? — Mayi wamantha

Mayi, mnyamuleni ndithu, mwanayo akufuna manja anu. Chofunika ndi kanyamulidwe kake basi. Kuti afike pamtima, dokotala amadula fupa la pakati pa chifuwa kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi, ndipo akamaliza amalilumikiza ndi timawaya kapena ulusi wolimba. Khungu limatsekeka m'masabata awiri, koma fupalo limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane. Pa nthawi yonseyi musamunyamule pomugwira m'khwapa kapena pomukoka mikono, chifukwa mukatero mbali ziwiri za fupalo zimakokekera uku ndi uku. Lowetsani dzanja limodzi pansi pa mutu ndi mapewa, lina pansi pa matako, n'kumutukula thupi lonse pamodzi. Aliyense amene amamugwira pakhomopo muonetseni zimenezi. Musamumange zolimba pachifuwa pomunyamula, ndipo za kumugoneka chafufumimba posewera dikirani dokotala akuloleni. Pogona tulo, chagada.

Posamba, musamuviike m'madzi kufikira nkhanambo zonse zitagwa zokha, kuphatikizapo za timabowo ta m'munsi momwe munadutsa mapaipi otulutsa madzi. Pakadali pano mupukuteni ndi kansalu koyera konyowa. Pachilonda pakagwera mkaka, dovu kapena masanzi, tsukanipo ndi madzi oyera ndi sopo wosanunkhira, kenako umitsanipo mochita kugunditsa nsalu, osati kukhula. Musapakepo mafuta, paudala kapena mankhwala alionse amene simunapatsidwe. Timapepala tomata pachilonda timagwa tokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, musatikanganule.

Chiyang'aneni chilondacho tsiku lililonse pamalo owala. Kakhungu kotukuka pang'ono pamwamba penipeni pa chilonda n'kachizolowezi ndipo kamaphwa pakapita miyezi. Zosayembekezera mawa ndi izi: kutupa kapena kufiira kumene kukufalikira, kutentha pokhudza, mafinya kapena madzi otuluka, chilonda kutseguka, ndiponso kumva kuti fupa likusuntha kapena kulira kuti "tha" mwana akamapuma kapena kutsokomola.

Patha masabata atatu chichitireni opaleshoni mwana wathu wa zaka 4. Anali bwino, koma tsopano thupi likutentha madzulo, akukana chakudya ndipo akuti pachifuwa pakupweteka akagona. Mnzanga akuti ndimugulire maantibayotiki. — Bambo wa ana awiri

Bambo, musagule, pitani naye kuchipatala lero ndipo mutchule za opaleshoniyo mutangofika. Kutentha thupi kofika madigiri 38 m'masabata oyamba pambuyo pa opaleshoni ya mtima kumafuna dokotala nthawi zonse, ngakhale mukuganiza kuti ndi chimfine chabe.

Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi kutupa kwa kathumba kamene kamakuta mtima. Kumabwera pakati pa sabata imodzi ndi masabata 6 chichitikireni opaleshoni, ndipo nthawi zambiri si tizilombo timene timayambitsa, ndi thupi lenilenilo limene likulimbana ndi malo amene anadulidwa. Madzi amayamba kusonkhana m'kathumbamo. Akakhala ochepa, mankhwala ochepetsa kutupa amakwanira. Akachuluka amaupanikiza mtima moti sudzaza magazi bwino, ndipo apo pamafunika kuwapopa mwamsanga. Chodziwira kuchuluka kwake ndi eko, kuunika mtima ndi makina aja, osati maso. Mwana amene ali ndi vutoli amakonda kukhala tsonga n'kuweramira kutsogolo, amasanza, ndipo amafooka.

Chinanso chimene dokotala adzafufuze ndi tizilombo tolowa m'magazi n'kukakhazikika pachigamba chimene anaika pa opaleshoni kapena pavavu (kachitseko koletsa magazi kubwerera) mkati mwa mtima. Kuti adziwe mtundu wa tizilomboto amatenga magazi mwana asanamwe antibayotiki aliyense. Mukayamba kumumwetsa kunyumba, tizilomboto sitioneka m'magazi koma sitinafe, ndiye mankhwala oyenera amachedwa kupezeka. N'chifukwa chake tikukaniza malangizo a mnzanuwo.

Paracetamol mungamupatse mutamuyeza kale n'kulemba nambala yake: mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, maola 6 alionse, osapitirira kanayi pa tsiku. Ibuprofen musamupatse mwa inu nokha, makamaka ngati akumwa warfarin (woletsa magazi kuundana), aspirin kapena mankhwala okodzetsa.

Kholo lililonse liphunzirenso kuwerenga kapumidwe. Mwana ali phee kapena m'tulo, werengani kukwera kwa chifuwa kwa mphindi yathunthu. Kapumidwe kafulumira ngati kafika 60 kwa khanda losakwana miyezi iwiri, 50 kwa wa miyezi iwiri mpaka 11, ndi 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Muziwerenga ngakhale masiku amene ali bwino, kuti mudziwe nambala yakeyake. Mwana amene amapuma ka 28 akafika 38 ndiye kuti china chasintha, ngakhale sanadutse malire a m'buku. Kulowa kwa nthiti mkati popuma, kubuula, kutupa zikope kapena mapazi, thukuta lozizira, kukomoka ndi kugunda kwa mtima kothamanga ali chikhalire, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala, usiku kapena masana.

Mwana wanga amamwa furosemide, captopril ndi digoxin. Nthawi zina amasanza akangomwa. Kodi ndizimupatsanso? Nanga akatsegula m'mimba? — Mayi wa mapasa

Tiyambe ndi ntchito ya mankhwalawa, chifukwa yankho lagona pamenepo. Furosemide amachotsa madzi owonjezera kudzera mu mkodzo kuti mapapo asadzaze. Captopril amamasula mitsempha kuti mtima usamapope molimbana. Digoxin amathandiza mtima kufinya mwamphamvu ndipo amachepetsa liwiro lake. Mwa atatuwa, digoxin ndi amene amafuna kusamala kwambiri, popeza mlingo wochiza ndi mlingo wopweteka zayandikana.

Akasanza atamwa digoxin, musamupatsenso. Simungadziwe kuti walowa wochuluka bwanji, ndipo kuphonya kamodzi kuli bwino kusiyana ndi kumwetsa kawiri. Dikirani nthawi yotsatira. Mukaiwala mankhwala alionse, musaphatikize milingo iwiri pofuna kubweza. Za furosemide ndi captopril funsani dokotala wanu lamulo lake ndipo mulilembe, chifukwa zimatengera kuti mwana wasanza patapita nthawi yotani. Chimene chimathandiza ambiri n'kumwetsa mankhwala mwana asanayamwe kapena asanadye, mimba isanadzaze, pang'onopang'ono cha m'mbali mwa tsaya. Musawasakanize mu botolo lonse la mkaka, chifukwa akapanda kumaliza botololo ndiye kuti mankhwalanso sanamalize.

Ngati kusanzako kukubwerezabwereza, mwana akukana kuyamwa, akugona mopitirira ndipo mtima ukugunda pang'onopang'ono, mwina digoxin wachuluka m'magazi. Pemphani namwino akuphunzitseni kuwerenga kugunda kwa mtima, ndipo dokotala akuuzeni nambala imene mtima ukatsika kupitirira apo simuyenera kumwetsa.

Kutsegula m'mimba ndi kumene kumatidetsa nkhawa kwambiri. Mwana akutaya madzi, furosemide akuchotsanso ena, captopril akutsitsa kuthamanga kwa magazi, ndiye impso zimasowa magazi okwanira. Mchere wa potaziyamu nawo umatsika, ndipo ukatsika digoxin amayamba kupweteka ngakhale pa mlingo wa masiku onse. Choncho mwana akatsegula m'mimba kapena kusanza kangapo, lankhulani ndi achipatala tsiku lomwelo musanapereke mlingo wotsatira. Kawirikawiri amaimitsa kaye mankhwala ena kwa tsiku kapena masiku awiri, koma woimitsa akhale iwowo. Pitirizani kuyamwitsa, ndipo werengani matewera: khanda liyenera kunyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa maola 24. Liwombo lolowa, m'kamwa mouma ndi kulira kopanda misozi zikusonyeza kuti madzi atha m'thupi.

Pali cholakwika china chimene chimachitika mwakachetechete. Dokotala amalemba mamiligalamu, inu mumayeza mamililita, ndipo mabotolo a mankhwala amodzimodzi sakhala ndi mphamvu yofanana. Tiyerekeze kuti mwana akufunika mamiligalamu 5 a furosemide. M'botolo la mamiligalamu 10 pa mililita imodzi, mlingo wake ndi mamililita 0.5. M'botolo la mamiligalamu 20 pa mamililita 5, mlingo womwewo ndi mamililita 1.25. Mukalandira botolo latsopano, liyerekezeni ndi lakale musanachoke pawindo la mankhwala, ndipo mufunse kuti, "Ndiye ndizipereka mamililita angati?" Yezani ndi sirinji yomwetsera mankhwala, supuni ayi. Paulendo uliwonse wa kuchipatala tengani mabotolo onse, chifukwa mlingo umawerengedwa potengera sikelo ya mwana ndipo umasintha akamakula.

Khanda langa la miyezi iwiri analikonza mtsempha waukulu wochokera ku mtima umene unali wopanikizika. Likamayamwa limatopa, kutuluka thukuta n'kugona lisanakhute. Kulira kwake n'kosasa ndipo limatsamwa. Ena akuti ndisiye bere, ndiyambe botolo. — Mayi woyamba kubereka

Musasiye bere, Mayi. Kuyamwa bere sikutopetsa khanda kuposa botolo, ndipo makanda ambiri a vuto la mtima amapuma mokhazikika ali kubere. Vuto lili pakuti kuyamwa ndi ntchito yolemetsa kwa khanda lotere, pamene thupi lake likufuna chakudya chochuluka kuposa la anzake. Khanda lathanzi limakula bwino ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 100 pa kilogalamu pa tsiku, koma lotere lingafune 120 mpaka 150.

Muziyamwitsa pafupipafupi, maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, ngakhale kuchita kulidzutsa. Ulendo umodzi usapitirire mphindi 20 mpaka 30. Kupyola apo mphamvu imene likutaya poyamwa imaposa imene likupeza. Likatopa, finyani mkaka wotsalawo mulimwetse ndi kakapu, kapena kudzera m'kapaipi ka m'mphuno ngati achipatala anakaika. Mkaka wotuluka kumapeto bere likamaphwa ndi umene uli ndi mafuta ambiri, choncho bere limodzi lizitha musanasinthe. Ngati m'pofunika kuwonjezera mphamvu ya mkaka, katswiri wa zakudya akupatseni muyezo wake. Musawonjezere nokha ufa wa mkaka wa m'chitini, chifukwa mkaka wolimba kwambiri umalemetsa impso ndi kuumitsa thupi.

Woweruza ndi sikelo. M'miyezi yoyambirira tikufuna magalamu 20 mpaka 30 pa tsiku, kutanthauza 140 mpaka 210 pa sabata. Yezani pa sikelo imodzimodzi, ali wosavala. Koma sikelo ikakwera mwadzidzidzi m'masiku awiri, zikope zili zotupa ndiponso akupuma mofulumira, amenewo ndi madzi, si kunenepa.

Kulira kosasa ndi kutsamwako kuuzeni dokotala mosachedwa. Minyewa imene imayendetsa kholingo lotulutsa mawu kumanzere imazungulira pansi pa mtsempha umene anakonzawo, ndipo pa opaleshoni imatha kukokeka kapena kuvulala. Zikatero mbali imodzi ya kholingolo siitseka bwino pomeza, ndiye mkaka umatha kulowera kunjira ya mpweya n'kuyambitsa chibayo. Amayang'ana ndi kakamera kakang'ono kodutsira m'mphuno. Ana ambiri amachira pakapita miyezi, koma pakadali pano angakusinthireni kagonekedwe poyamwitsa, kapena kugwiritsa ntchito kapaipi kwa kanthawi. Kapaipiko sikutanthauza kuti mwalephera kuyamwitsa.

Mdzukulu wanga anachitidwa opaleshoni ali ndi sabata imodzi, koma milomo yake ikadali yakuda mobiriwira. Akuti adzachitidwanso ena awiri. Kodi woyambayo sanayende bwino? — Agogo

Agogo, zimene mwalembazi zikusonyeza kuti mdzukulu wanu ali m'gulu la ana amene chipinda chimodzi chokha chopopa magazi ndicho chinakula bwino. Mtima wotere sukonzedwa tsiku limodzi. Opaleshoni yoyamba imatsegula njira yoti magazi azifika kumapapo ndi kuthupi. Yachiwiri, yotchedwa Glenn, imachitika ali ndi miyezi 4 mpaka 6, ndipo yachitatu, ya Fontan, kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5. Isanafike yachitatuyo, magazi okhala ndi okosijeni ndi opanda okosijeni amasakanikirana, n'chifukwa chake milomo ikuoneka choncho. Kamakina ka pachala koyeza okosijeni m'magazi kamasonyeza 75 mpaka 85 mwa ana otere, pamene mwana wina aliyense amasonyeza 95 kapena kuposa. Kwa iyeyo 80 ndi nambala yabwino.

Miyezi ya pakati pa opaleshoni yoyamba ndi yachiwiri ndi imene imafuna tcheru chachikulu. Magazi opita kumapapo amadalira kapaipi kopyapyala koikidwa pa opaleshoni yoyamba, kamene kangatsekeke magazi akaundana. Aspirin amene akumwa ndi woteteza zimenezi, asadumphe, ndipo thupi lake lisasowe madzi. Imbani kapena pitani kuchipatala ngati nambala yatsika pansi pa 75, ngati wataya magalamu 30 pa tsiku limodzi, ngati sanawonjezere magalamu 20 m'masiku atatu, kapena ngati akumwa mkaka wosakwana mamililita 100 pa kilogalamu pa tsiku. Poona mtundu wake musadalire khungu. Yang'anani lilime, nkhama ndi mkati mwa milomo pa kuwala kwa dzuwa. Mwana amene akumwa aspirin akadwala katsabola kapena chimfine chachikulu, dokotala adziwe tsiku lomwelo, popeza aspirin pa matenda awiriwa angawononge chiwindi ndi ubongo.

Kodi katemera apitirize? — Bambo wofunsa

Inde, ndipo mwana wotere akumufuna kuposa anzake. Madokotala ambiri amadikira masabata 4 mpaka 6 chichitikireni opaleshoni. Katemera wa chikuku amachedwetsedwa miyezi 6 kapena 7 ngati mwana anaikidwa magazi, chifukwa chitetezo chobwera ndi magaziwo chimafooketsa katemerayo. Ana ena a vuto la mtima, makamaka amene ali ndi matenda a m'majini otchedwa DiGeorge, amabadwanso ndi chitetezo chochepa, ndipo amayamba ayezedwa magazi asanalandire katemera wa tizilombo tamoyo.

Anatiuza kuti tizisamala mano a mwana. Mano akukhudzana bwanji ndi mtima? — Mayi wodabwa

Nkhama zotupa ndi mano obooka ndi khomo limene tizilombo ta m'kamwa timalowera m'magazi tsiku ndi tsiku, n'kukamata pachigamba kapena pavavu. Yambani kutsuka dzino loyamba likangotuluka, kawiri pa tsiku, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride: kadontho kopaka chabe kwa wosakwana zaka zitatu, kokulirapo pang'ono kwa wamkulu. Mankhwala ambiri amadzimadzi ali ndi shuga, choncho mlingo wa usiku uziyamba, kutsuka mano pambuyo. Dokotala wa mano azimuona miyezi 6 iliyonse ndipo adziwe za mtimawo.

Antibayotiki asanachotsedwe dzino kapena kugwiridwa nkhama si wa mwana aliyense. Amaperekedwa m'miyezi 6 yoyamba ataikidwa chigamba, komanso kwa amene ali ndi vavu yochita kuika, amene anadwalapo matenda a tizilombo mu mtima, amene magazi awo akadali osakanikirana, ndi amene patsala kabowo m'mbali mwa chigamba. Nthawi zambiri ndi amoxicillin, mamiligalamu 50 pa kilogalamu osapitirira magalamu awiri, kamodzi kokha, mphindi 30 mpaka 60 ntchito isanayambe.

Mwana wathu wa zaka 6 anakonzedwa Tetralogy of Fallot, vuto lophatikiza bowo mu mtima ndi kupapatiza kwa njira yopita kumapapo, miyezi itatu yapitayo. Wayambanso kukodza pogona, amalota zoopsa ndipo safuna kusiyana ndi mayi ake. Ine ndimamuletsa kuthamanga ndi anzake, mayi ake akuti ndikumuwononga. Komanso poti anachira, tizipitabe kuchipatala chifukwa chiyani? — Bambo wosokonezeka

Bambo, pa nkhani ya kuthamanga tili kumbali ya mayi a mwanayo. Fupa linagwirana kale, ndipo ngati dokotala wa mtima sanaike malire, mlekeni asewere. Mtima wokonzedwa umalimba ndi kuyenda ndi kusewera, ndipo ana aang'ono akatopa amapuma okha. Funsani dokotala funso lolunjika: masewera ati amene sakuloledwa, ndipo mpaka liti? Yankholo alilembe, mupereke kwa aphunzitsi. Ana amene amamwa warfarin kapena amene ali ndi kabatire koyendetsa mtima ndi amene amapewa masewera ogundana. Choimitsa masewera ndi kukomoka, kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka, ndipo chilichonse mwa izi chikachitika akaonedwe asanabwerere kosewera. Mwana amene amangomva kuti "usathamange" amakula akudziona ngati wodwala, ndipo zimenezi zimavuta kuchotsa kuposa chipsera.

Kukodza pogona, maloto ndi kukakamira mayi n'zofala mwa ana amene anagona m'chipinda cha odwala kwambiri. Musamukalipire. Nthawi yogona, yodya ndi ya sukulu ikhale yokhazikika, ndipo malamulo a pakhomo akhale omwewo kwa iye ndi abale ake. Mlekeni afunse za chipsera chake ndipo muyankhe zoona m'mawu a msinkhu wake. Ngati akumwa mankhwala okodzetsa, funsani ngati mlingo wamadzulo ungaperekedwe mofulumirirapo. Poti patha miyezi itatu, tchulani zimenezi paulendo wotsatira kuti aonedwe ndi mlangizi wa ana. Tchulaninso ngati akuvutika kumvetsera m'kalasi kapena kuwerenga, chifukwa ana amene anachitidwa opaleshoni yaikulu ya mtima amakumana ndi zimenezi kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo thandizo loyamba msanga limapindula. Inunso makolo, ngati tulo sitikubwera kapena mukungodzuka usiku kukamvetsera kapumidwe kake, nenani. Zimachitikira makolo ambiri ndipo thandizo lilipo.

Za kupita kuchipatala, musaleke. Mtima wake unakonzedwa, koma sunasanduke ngati umene sunakhalepo ndi vuto. Pokulitsa njira yopita kumapapo, vavu ya pamenepo kawirikawiri imatsala ikubweza magazi. Chipinda chakumanja chimapirira zaka zambiri chikukula pang'onopang'ono mwana osamva kanthu, ndipo ambiri amadzafunika vavu yatsopano ali achinyamata kapena atakula. Zipsera za mkati mwa mtima zingasokonezenso kagundidwe kake patapita zaka. Eko ndi ECG (kujambula kagundidwe ka mtima) zimaona zimenezi zizindikiro zisanayambe. Sungani chikalata cha opaleshoni chosonyeza dzina la vutolo, zimene anachita, tsiku lake ndi mankhwala, mukhale ndi makope awiri, ndipo akamafika zaka 12 ayambe kufotokoza yekha kwa dokotala.

Tikufuna mwana wina. Kodi nayenso adzabadwa choncho? Ndinalakwitsa chiyani ndili woyembekezera? — Mayi wosweka mtima

Mayi, mwa ana ambiri palibe chimene mayi anachita kapena kulephera kuchita. Mtima umapangika m'masabata 8 oyamba a mimba, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Ngati mwana mmodzi anabadwa ndi vutoli, mwayi woti wotsatira akhalenso nalo ndi pafupifupi 2 kapena 3 pa 100, ndipo umakwera ngati kholo nalo lili ndi vuto la mtima lobadwa nalo kapena ngati pali matenda a m'majini. Musanatenge mimba, yezetsani shuga ndipo ngati ali wokwera ayambe watsika, onetsetsani kuti munalandira katemera wa rubella, yambani kumwa folic acid, siyani mowa ndi fodya, ndipo muonetse dokotala mankhwala onse amene mumamwa, makamaka a khunyu ndi a ziphuphu. Mimba ikafika masabata 18 mpaka 24, pemphani eko ya mtima wa mwana ali m'mimba, ndipo mupite ndi chikalata cha mkulu wakeyo.